Mdzukulu wa Jailos

Jailos Kamanga analowa usilikali ali mnyamata, atatopa ndi kusenza matumba a feteleza pa Kafue. Anali wamtali, woseka msanga. Atatumizidwa kunja kukasungitsa mtendere, anakaona zinthu zimene sanauzepo munthu. Chibwerereni, chitseko chikangomenyetseka ankadzigwetsa pansi. Kachasu ndiye ankamupezetsa tulo, ndipo kachasu yemweyo anamuchotsetsa ntchito. Mkazi wake Felistus anapirira mpaka kutopa, n'kutenga mwana wawo Emelia kupita kwa mlongo wake Luckson, msodzi wa ku Chanyanya.

Atayamba imvi, Jailos analandiridwa ku Shimabala, m'nyumba ya mpingo yokhalamo asilikali akale amene akusiya mowa. Ankaphika mosinthana, kulima repu ndi tomato, ndipo mlangizi ankabwera kudzamva mmene mitu yawo ikuyendera. Mowa anausiyadi, koma manja sanasiye kunjenjemera.

Tsiku lina akuthirira mbewu, mnzake wa m'chipinda, Gershom, anamuitana kuti kwabwera mlendo. Pageti panaima mayi wobereka khanda kumbuyo. Jailos anachita kumuyang'anitsitsa asanazindikire kuti ndi Emelia.

"Muli shani, badadi?" anatero Emelia, atagwada pang'ono.

"Nili bwino, mama. Mwana ni wa ndani?"

"Ni wanga. Ninakwatiwa chaka chatha. Bamalume ndiye bananipereka."

Jailos anafuna kufunsa chifukwa chake sanamuuze, koma anameza mawuwo. Akanamupeza kuti nthawi imeneyo, m'ngalande iti?

"Dzina lake?"

"Luckson."

"Mwachita bwino," anatero Jailos. "Munthu uja anakulera."

Emelia anamasula chitenje kuti amupatse mwanayo. Jailos anayang'ana manja ake, n'kuyamba wakhala pansi padothi, ndiye kenaka kulandira khandalo pamiyendo. Linali lolemera, lofunda, lonunkhira sopo. Anayesa kukumbukira Emelia ali msinkhu umenewu, koma m'mutu munalibe chilichonse.

Emelia sanakhalitse, ankaopa kusowa basi. Jailos anamumangira repu wambiri kuposa amene banja laling'ono lingadye, ndipo Emelia analandira ndi manja awiri. Zoti adzabweranso sananene, nayenso bambo wake sanafunse.

Jailos anaima pamsewu wa ku Lusaka mpaka basi inazimiririka. Atabwerera kumunda anapeza madzi atasefukira, mbande za tomato zitagona m'matope. Gershom anali atatseka kale mpopi, akuzidzutsa imodziimodzi. Jailos anagwada pambali pake, nayenso n'kuyamba kudzutsa.