Anandinong'oneza za Munda wa Naboti

Anandipeza kudambo ndikuwokera mpunga, Lachiwiri m'mawa, mvula itangokhazikika. Anali anyamata awiri achipani ndi wapolisi mmodzi.

"Abambo, sambani miyendo. Akukufunani ku boma, mubwerako pompano."

Ndinasamba, n'kutsogola.

Mlandu unali wa Lamlungu lapitalo. Ine sukulu ndinangoinunkhiza. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha, chala pamzere, ndipo mpaka lero ndikakumana ndi dzina lalitali ndimayamba ndatsokomola. Komabe pa mapemphero a m'mudzi mwathu, kwa Malemia, wowerenga Mawu ndinali ine, poti anzathu ophunzira anali ndi ntchito zoti aziteteze. Mwambo wathu unali wakuti amene ali pamavuto asankhe yekha Mawu a tsikulo, n'kunong'oneza wowerenga. Tsiku limenelo anandinong'oneza ndi mayi wina wamasiye wa ana anayi, amene mkulu wachipani anali atamulanda dimba.

"Achimwene, mundiwerengere za munda wa Naboti."

Ndinawerenga mpaka pamene mneneri Eliya akupeza mfumu itaima m'munda wolandawo. Palibe anati ameni.

Ku Zomba funso linali limodzi.

"Anasankha Mawu amenewa ndani?"

"Ndi Mawu akale, bwana."

"Sitikufunsa zaka zake. Dzina!"

Anayamba kufunsa ndi manja, kenako ndi paipi. Khutu lakumanzereli linasiya ntchito tsiku lomwelo. Akazi anga amati linapeza chifukwa chabe. Dzinalo linkafika pakamwa. Ndikanalitchula ndikanapita kwathu, koma ana anayi aja akanagona okha. Ndinkangoti, "Ndinatsegula mwangozi, bwana, ine kuwerenga sindidziwa bwino." Theka lake linali loona.

M'ndende anandipatsa dzina loti Mneneri. Msilikali wina ankagogoda chitseko ndi ndodo.

"Mneneri, losera! Ndiwo lero n'chiyani?"

"Nyemba zofumbwa, bwana."

Ulosi wanga sunaphonyepo.

Tinkagona chammbali, kutembenuka onse pamodzi. Mkulu wina amene ndinkagundana naye msana anasiya kutembenuka m'mwezi wa Juni. Anamutulutsa m'bulangete lake lomwelo. Masiku amenewo ndinkaganiza za Yeremiya m'dzenje la matope, n'kumadzifunsa ngati nayenso ankalira chamumtima kuti abale ake amuiwala.

Dzinja linadutsa kawiri ndili m'ndendemo. Tsiku lina Lachisanu anangoti, "Tenga malaya ako. Ukafika uziwerenga Masalimo."

Ndinatsika pamsewu pa Domasi n'kuyenda wapansi. Mayi uja ndinapeza atamwalira chaka chathacho. Dimba silinabwezedwe. Mwana wake wamkazi ndiye anandiperekeza kumanda, ndipo panjira anandiuza zimene sindinkadziwa.

"Amalume, inu mutatengedwa apolisi anaitana mpingo wonse, mmodzimmodzi. Aphunzitsi a mumpingo mwathu anachotsedwa ntchito. Agogo a kuseri kwa mlatho anakhalitsidwa padzuwa tsiku lonse."

"Ndiye anati chiyani?"

"Aliyense ankati anali atatsinzina, akupemphera."

Chonsecho onse anaona mayiyo akundinong'oneza. Tinali pakhonde, masana.

Ndinkayesa kuti dzinalo ndalisenza ndekha, ndipo mwina ndinkanyadako pang'ono. Aneneri ndinkawadziwa ngati anthu ofuula okhaokha m'chipululu. Sindinkadziwa kuti mudzi wathunthu ungachitire umboni potseka pakamwa.

Lero aliyense amawerenga chimene wafuna, mokweza, ngakhale m'minibasi, ndipo ndimathokoza. Koma mayi uja ufulu umenewu sanaulawe. Pamanda paja mwanayo anandipempha kuti ndinenepo mawu. Ndinavula chipewa, n'kutchula dzina la amayi ake mokweza, koyamba.