Mapointi atatu a bambo Manfred

Bambo Manfred asanabwere ku Dublin ankayendetsa minibasi ya ku Ndirande, ndipo za apolisi anaphunzirira pamsewu pomwepo: akakuimitsa umamwetulira, umatchula wachibale wa udindo, zikavuta umagula fanta. Kuno anafika ngati wothawa kwawo, atagwira padzanja kamwana kawo kakakazi, Tisungane. Anakhala zaka kuhositelo kudikira mapepala okhalira m'dziko muno, kenako anapeza ntchito yokankha odwala pachipatala chachikulu chija cha m'dera la Dublin 8. Munthu wansangala, woseka ndi mano onse, koma matama, eee, osanena!

Tsono Tisungane atakula n'kuvala yunifomu ya Garda, apolisi a kuno, mkuluyu anafufuma ngati mandasi m'mafuta. Kutchalitchi anayamba kukhala mpando wakutsogolo. Wina akangodandaula za chindapusa, iwo n'kumusisita paphewa: "Musade nkhawa achimwene, mwana wanga ali momwemo." Anthu anayamba kuwaitana a Komishonala. Ulemu umene anausowa zaka zonse zokankha mabedi unali utabwera, ndipo sankafuna kuti uwapulumuke. Mwini wake Tisungane sankadziwa n'komwe kuti dzina lake likugulitsidwa chotere.

Loweruka lina m'mawa akupita ku Citywest ndi mnzawo wa ku Zambia, Bonaventure, foni inalira. A Manfred anaiika kukhutu, chiwongolero dzanja limodzi, nkhani n'kukoma. Posakhalitsa magetsi abuluu kumbuyo. Wapolisi wotsika m'galimoto, abale inu, Tisungane yemwe!

"Bona, taona mwana wanga uyo," anatero a Manfred akutsitsa windo. "Lero uona wekha."

Tisungane, amene kunyumba amayankha makolo m'Chingerezi, anawerama pawindo, manja pamodzi, n'kulankhula Chichewa chake chopindika chija.

"Mwadzuka bwanji adadi? Pepani, ine nkhani yanu sindingaigwire chifukwa ndinu bambo anga. Akuthandizani anzangawa."

Anakodola mnzakeyo, mnyamata wamtali wa Chiairishi. Mnyamatayo anapereka moni mwaulemu, anafunsa laisensi, n'kuwauza kuti kugwira foni akuyendetsa ndi chindapusa komanso mapointi atatu achilango pa laisensi. Tisungane anaima poteropo, maso pansi, osasuntha.

"Ba Komishonala, nanga vachitika bwanji?" anafunsa Bonaventure atanyamuka, misozi ili mbwee ndi phwete.

A Manfred zinawapweteka, tisaname. Pakamwa pa Bonaventure sipagona nkhani, choncho pofika Lamulungu mpingo wonse unali utamva. Tsikulo anakhala mpando wakumbuyo, kufupi ndi chitseko, akuganiza zothawa tiyi asanayambe. Koma asanatuluke anawatsekereza mayi Clotilda, mayi wofatsa amene amakolopa m'maofesi, woti mawu ake sumawamva kawirikawiri.

"Bambo a Tisu, n'zoona kuti mwana wanu sanakukondereni?"

"N'zoona mayi. Sekani nanunso, anzanu aseka kale."

"Sindikuseka ayi." Anatsitsa mawu. "Mwininyumba wanga amalowa kuchipinda kwanga ndisanamulole. Amati ndikakanena andipitikitsa m'dziko lino, apolisi ndi anzake. Chaka chonse ndangokhala duu. Koma ngati mwanayo sanakondere bambo ake omubereka, wanyumba ndaninso? Ndiperekezeni kupolisi mawa, ndekha ndikuopa."

A Manfred anayang'ana mayiyo. Kenako anaseka, chiseko chawo chija cha mano onse, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Mtima unadzaza ndi chimwemwe choti sanachimvepo ngakhale tsiku limene analandira mapepala.

Lolemba anasinthana shifiti ndi mnzawo, anavala jekete la ukwati, n'kukwera basi ndi mayi Clotilda. Atafika pakhomo la polisi mayiyo anaima osalowa. A Manfred anakankha chitseko n'kuchigwira.

"Lowani mayi. Ndikukuuzani ine amene ndinalawako, ana amenewa saona nkhope."