Mainchesi Atatu a Che Shamsu

Pa khonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Zomba pali makina osokera akuda amene akhalapo kuyambira ine ndisanakwatiwe. Mwini wake ndi Che Shamsu, telala wochokera ku Malosa, bambo wamfupi wa kachipewa koyera, tepi ili m'khosi ngati anabadwa nayo. Ine ndine Mwanaidi, ndimagulitsa zitenje pa khonde lomwelo, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikuwamva akupalasa makina uku akuimba nyimbo za Hopewell Namakhwa ndi mawu awo osasa.

Kusoka amatha, pamenepo sindingawanamizire. Ali ndi chizolowezi chimodzi: jekete iliyonse akasoka, kumsana amapindira m'kati nsalu ya mainchesi atatu n'kuigwiriza ndi ulusi wofiira. Kasitomala akafunsa, yankho ndi limodzi: "Ndakusiyirani malo onenepera. Mulungu ndi wamkulu." Ana asukulu a ku koleji ya Chirunga, oonda ngati bango, amangoseka.

Nyimbo ya Hopewell ikangolira pa wailesi, Che Shamsu ankaimitsa makina n'kulengeza kuti jekete yoyamba imene mnyamatayo anakwera nayo pa siteji, akuphunzira ku Chirunga, inasokedwa pa makina omwewa. Hopewell! Munthu amene nkhope yake ili pa zikwangwani mpaka ku Mzuzu, amene akamaimba anthu amakwera m'mitengo kuti amuone! Tinkaseka mpaka misozi. Amene ankayambitsa chipongwecho ndinali ine, ndipo chinafalikira msika wonse, mpaka akabaza ankawakuwiza podutsa. Poyamba ankaseka nafe. Kenaka nkhani ija anaisiya, nyimbo ikalira ankangoweramira pa nsalu. Munthu wamkulu, woswali kasanu pa tsiku, tinamusandutsa wabodza wa pamsika.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Juni mbiri inagwa mumsika: Hopewell ali kuphiri, akujambula vidiyo ku damu la Mulunguzi! Ine pakamwa panandiyabwa.

"Che Shamsu, kasitomala wanu uja wabweratu. Simukamupatsa moni?"

Anaphimba makina ndi chitenje, n'kuponya lezala m'thumba la malaya.

"Tiyeni, mayi. Mukakhale mboni."

Ndinene zoona, ndinapita kukaseka. Tinakwera lole yokatenga matabwa, msewu wokhotakhota uja, mphepo ikulowa m'mafupa. Titatsala pang'ono kufika Che Shamsu anandinong'oneza kuti, "Nanga akakhala kuti anandiiwala?" Pamenepo phwete linandithera.

Kudamu anthu anali piringupiringu, ogulitsa masitirobere atasiya mabeseni awo pamsewu. Panali chingwe chotchinga, ndi anyamata awiri a zifuwa ngati zitseko. Ndipo uyo, Hopewell weniweni, wonenepa kuposa wa pa TV! Anthu ankati nyimbo yatsopanoyo ndi yokumbukira masiku ake a ku Chirunga, n'chifukwa chake anabweretsa jekete yake yakale yabulawuni. Koma jekete inakana. Wojambula ankakoka uku, mayi wina ankakoka uko, mabatani osakumana, Hopewell akudziseka yekha.

Che Shamsu anagwira chingwe n'kukuwa, "Musaikoke choncho, mung'amba! Kumsanako kuli malo!"

Mmodzi wa anyamata aja anawakankha pachifuwa. Hopewell anakweza dzanja, nyimbo inazima. Anayenda yekha mpaka pachingwe, anavula magalasi akuda, n'kuwapatsa moni ndi manja awiri, atawerama pang'ono.

"Mwaswera bwanji, bambo? Mwati jeketeyi yatani?"

"Ndinasoka ndine, pa khonde kumsika. Munkati mukaimba nayo Loweruka."

Hopewell anawayang'anitsitsa. "Bambo, ndisakunamizeni, nkhope yanu yandithawa. Papita zaka."

Kumbuyo anthu anayamba kuseka, kuseka komwe kuja ndinkayambitsa ine. Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowepo. Koma Hopewell anatukula chingwe n'kunena kuti, "Lowani, mundionetse."

Che Shamsu anakhala pa mwala, anayala jekete pabondo, anatulutsa lezala. Anatumbula msoko wa m'kati pang'onopang'ono, n'kutembenuza. Nsalu yopinda, mainchesi atatu, ulusi wofiira uli pomwepo! Amene anayamba nthungululu ndine, ndipo sindinadziwe kuti yatuluka liti.

Hopewell anagwira pakamwa. "Malo onenepera! Ndinu munandiuza zija! Ine ndikugona ndi njala, nthiti zili pamtunda, inu mukuti ndidzanenepa!" Anawakumbatira mpaka kachipewa kanagwa. Anakatola yekha, anakasansa fumbi, n'kuwaveka.

"Makina anu ali kuti, bambo?"

Wojambula anadandaula za dzuwa, koma Hopewell anati dzuwa lidikira. Anatikweza m'galimoto yake, ine pampando wofewa ndi fungo langa la pamsika, akundifunsa za ana anga ngati tinakulira limodzi. Titafika anakhala pa benchi ya makasitomala, yothyoka mwendo, akukukuta chimanga chootcha. Msika wonse unasamukira pa khonde lathu! Amayi a tomato, akabaza, ogwira ntchito m'boma ndi mafayilo awo m'khwapa, aliyense ndi foni m'mwamba, ndipo palibe amene anakanizidwa chithunzi. Che Shamsu ankangopalasa makina, osayang'ana munthu. Atayamba kung'ung'udza nyimbo monga mwa masiku onse, Hopewell anaipolokeza, mawu osasa ndi mawu a pa wailesi akuyendera limodzi. Ine ndinalira, sindibisa.

Jekete itatha anaivala, mabatani onse atatu anatseka, anthu n'kuwomba m'manja.

"Mwandisiyiranso malo?" anafunsa Hopewell.

"Nsalu yathera pomwepo. Mukanenepanso mubwere, makina alipo."

Galimoto itabwerera kuphiri ndinapita kukagwada pafupi ndi makina, ndinati, "Che Shamsu, pepani. Ndinakulakwirani." Anangoti, "Dzukani, mayi, mudetsa chitenje," n'kupitiriza kusoka yunifomu ya mwana wa munthu wina.

M'mawa mwake, cha m'ma teni, nyimbo ya Hopewell inalira pa wailesi. Makina anaima. Che Shamsu anatiyang'ana mmodzimmodzi, anakonza tepi m'khosi, n'kuyamba: "Jekete yoyamba ya mnyamata ameneyu..."

Panali patatha zaka zitatu asanainenenso nkhani imeneyo. Ndinasiya kasitomala ali chiimire ndi chitenje m'manja, ndinakoka mpando wanga, ndinakhala pansi kumvetsera.