Ziro wa Mayi Tordoff

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, Glenys Tordoff ankaima pa mphambano ya kumunsi kwa sukulu ya pulayimale, atavala jekete lachikasu, atanyamula chikwangwani choimitsira magalimoto kuti ana awoloke. Chisanu cha ku Yorkshire chinamudya mawondo. Madalaivala ankamutukwana m'mawa uliwonse, iye n'kungowaponyera diso. Pa zaka zonsezo palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anagundidwa pamenepo.

Kenako kunabwera kalata ya khonsolo. Inati ntchito yakeyo ipitirira pokhapokha phindu lake likakhala *quantifiable*.

"Norris, kachilombo aka n'kachiyani?" anafunsa mwamuna wake, yemwe chipumireni pa ntchito ankangokhalira kuvundukula dikishonale.

"Chinthu choti n'kuwerengeka kapena kuyezeka, munthu n'kutchula nambala yake. Linachokera ku liwu la Chilatini, *quantus*, lofunsa kuti n'chochuluka bwanji."

"Nanga osangofunsa kuti zingati bwanji?"

"Akafunsa choncho, mukhoza kuwayankha."

Liwulo linamunyansa Glenys. Linali liwu la anthu okhalira mipando yofewa, oti fungo la mabuleki a lole sanalimvepo chibadwire.

Lachinayi anapita ku khonsoloko. Anamulandira ndi bambo wina wa tayi, dzina lake Darren Pashley, fomu ili kale patebulo.

"Mayi Tordoff, m'zaka khumi zapitazi pachitika ngozi zingati pamalopo?"

"Palibe."

"Ziro," anatero Darren akulemba. "Vuto ndi limenelo. Malo opanda ngozi sitingawaikire munthu."

"Ngozizo palibe chifukwa ndimaimapo ine!"

"Zimenezo si *quantifiable*, mayi."

Glenys anamuyang'anitsitsa. Makutu ake otambalala anawazindikira.

"Iwe! Si iwe mwana wa Brenda wogulitsa nsomba? Si iwe ndinakukoka kolala, lole ya buledi ili pamphuno, mpaka batani kuthothoka? Unadzikodzera pompo, ine n'kukufunditsa jekete langali kuti anzako asakuseke. Ukufuna nambala? Lemba pamenepo: mmodzi."

Nkhope ya Darren inafiira. Anayendetsa cholembera pa fomu yonse, kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati akufunadi pomulemba mwana uja.

"Ndikukumbukira, mayi, ndipo ndimathokoza. Koma loleyo sinandigunde. Fomuyi ilibe malo a anthu amene sanagundidwe."

Glenys anadzuka osatsanzika, tiyi amene anamupatsa n'kumusiya akufuka nthunzi. Anadandaula ndi batani lija lokha, limene analitola pamsewu tsiku lomwelo n'kukamupatsira Brenda.

Ntchito inatha potseka teremu. Anabweza jekete ndi chikwangwani, ndipo pa mphambano paja anaikapo kachipangizo kowerenga magalimoto. Kalata yomaliza inali yaulemu kwabasi. Inamuthokoza, n'kumulonjeza kuti pakagundidwa ana atatu pamalopo, nkhani yake adzaiunikanso.