Atelala Sabweza Ntchito

Pa zaka makumi atatu akusoka, atelala ankadana ndi chinthu chimodzi: kasitomala wobwera ndi chovala n'kumati apa pathina. Kwa iwo, kubwezera mmisiri ntchito kunali kumutukwana. Akazi awo ankangoseka nazo, osadziwa kuti khalidweli lidzawadwalitsa mutu.

Makutu a atelala atatsekeka kotheratu, kuchipatala anawaika kachipangizo kuseri kwa khutu, kosefa phokoso n'kukweza mawu a munthu. Koma kachipangizoko kamafunika kuchunidwa kangapo, ngati diresi la ukwati, ndipo wochunayo amadalira mwini khutu kuti anene pamene pakuvuta.

Apa m'pamene akazi awo aja ankapsera mtima. Dokotala wa makutu, mtsikana waulemu wake, akafunsa ngati akumva, atelala ankamuyang'ana milomo n'kuyankha kuti zonse zili bwino, wagwira ntchito yotamandika. Bodza lenileni. Kunyumba, mashini osokera ankawamva ngati bingu, koma munthu akalankhula ankangomva kung'ung'udza. Mwana wawo wamkazi, wokwatiwa kutali, akaimba foni, iwo ankangoti "eya, eya" n'kupatsira akazi awo, poti pafoni panalibe milomo yoti ayang'ane. Mwanayo anayamba kuganiza kuti bambo ake anamukwiyira, ndipo anayamba kuimba mwa apo ndi apo.

Mayiwo anadandaula mpaka kukhosi kuuma, zina kuchita kuwalembera papepala. Atelala ankangoti mtsikana uja anapita kusukulu, iwo ndani kuti akamuuze kuti walakwitsa.

Pa ulendo wachinayi mayiwo zinawakwana. Ali m'kachipinda koyezera makutu, atelala atangoyamba zothokoza zawo zija, mayiwo anaimbira mwana uja, n'kukweza foni mpaka pamapeto, n'kuwakanikiza nayo atelala pakhutu.

"Tatiuzani, bambo. Akuti chiyani mwana wanu?"

Atelala anati "eya" kawiri, n'kuyang'ana pansi. Mawu a mwanayo ankamveka chipinda chonse. Ankafunsa bambo ake kuti anawalakwira chiyani.

Mayiwo analemba funsolo papepala mwaukali, mpaka cholembera chinaboola, n'kuwapatsa. Atelala anawerenga, anawerenganso. Kenaka anavula kachipangizo kaja pang'onopang'ono n'kukapereka kwa dokotala ndi manja awiri.

"Pepani mayi, ndabweza ntchito yanu," anatero. "Mwana wanga sindikumumva."