Masheya Amene Tinakwirira ku Manyamula

Pomwe boma linanditumiza kukaphunzitsa kufupi ndi Manyamula ndinali kamnyamata ka ku Dowa, tayi pakhosi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Chitumbuka ndinkangodziwa "yewo" basi, koma Chingerezi, hii, ndinkadziona ngati ndinachita kuyamwira. Kalata iliyonse yochokera kunja inkathera m'manja mwanga kuti ndiwerengere eni ake.

Kuseri kwa sukulu kunkakhala bambo wina amene anaphikira mzungu ku Joni zaka zambirimbiri. Analibe ndi njinga yomwe, koma galimoto ya mtundu winawake ikadutsa pamsewu wopita ku boma ankaloza n'kunena kuti, "Tayala limodzi pamenepo ndi langa." Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa, ine ndiye patsogolo. "Adada, tibwerekeniko tayalalo tikafike ku Mzimba!" Iwo ankangopukusa mutu. Mwana wawo wamkazi anali m'kalasi mwanga, sitandade 8, mutu wakuthwa kuposa anyamata onse.

Bambowo anamwalira m'nyengo yokolola. M'mawa wa tsiku loika maliro, mng'ono wawo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe komwe madoda, akuluakulu a m'mudzimo, anali atatsegula sutikesi ya malemuwo. Kumudzi kuja munthu ankapita ndi tinthu take tina tomwe ankatikonda. "Asambizgi, tisankhireni," anatero mng'ono uja, poti kumeneko mphunzitsi amati msambizgi. "Mapepala ofunika atsale, enawo apite nawo."

Makadi a chipani ndinawapatula mwaulemu, poti masiku amenewo ndani akanayerekeza kuwaponya m'dzenje? Pansi penipeni panali chipepala cholimba, chokongoletsedwa m'mbali, cholembedwa dzina la kampani yaikulu yopanga magalimoto kunja, ndipo m'munsi mwake dzina la malemuwo. Ndinawerenga mawu onse, koma tanthauzo lake, ng'o! Ku koleji sanatiuzepo za masheya, zoti munthu angagule kagawo ka kampani n'kumatchedwa mmodzi wa eni ake. Tsono ine ndinene kuti "sindikudziwa" pamaso pa madoda asanu? Ndinatsokomola n'kunena kuti, "Iyi ndi satifiketi yongowayamikira pa ntchito." Anaiika pachifuwa pawo n'kukhomera bokosi.

Patapita miyezi, zotsatira za mayeso zinatuluka. Mtsikana uja anasankhidwa kupita ku sekondale, yekhayo pasukulu yonse. Koma fizi, yunifolomu, bulangete, za basi, amake anasowa pogwira. Sabata yomweyo mayiwo anabwera kunyumba kwanga, nakhala pansi pakhonde, n'kunditambasulira envulopu ya sitampa ya ku Joni.

Inali yochokera kwa mzungu uja. Anali atamva za imfayo. Analemba Chingerezi chosavuta, choti ngakhale mwana akanamva: wophika wakeyo ankapatula mbali ya malipiro ake chaka ndi chaka, iye n'kumamugulira masheya mu kampani ya magalimoto. Mayiwo angotumiza chipepalacho pamodzi ndi kalata ya kwa DC yotsimikiza za imfa, iye akagulitsa n'kuwatumizira ndalama. Ndalama zomwe anatchulazo zikanaphunzitsa mwanayo mpaka kumaliza, n'kutsalako zogulira ng'ombe.

Abale inu, thukuta linatsika mpaka m'masokosi.

"Akuti chiyani, asambizgi?" anafunsa mayiwo.

"Akupepesa maliro, amama. Akuti amuna anu anali munthu wabwino."

Anapukuta misozi. Kenako anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kundipatsa ndalama ya sitampa kuti ndiwathokozere mzunguyo. Ndinalandira. Kalatayo ndinati ndiisunge kuti ndionerepo adiresi, koma chifukwa chenicheni chinali chakuti mwana wawo akanaiwerenga n'kumva zonse. Ndine ndemwe ndinamuphunzitsa Chingerezicho.

Mzungu uja sindinamuyankhe kalata yake. Ndinkadziuza kuti kulemberana ndi akunja n'koopsa, makalata amatsegulidwa, akazitape ali ponseponse. Bodza lenileni. Chimene ndinkaopa ndi kuimirira pamaso pa madoda aja n'kuvomera kuti mphunzitsi wa tayi anakwiriritsa chuma cha mwana wamasiye. Amati safunsa anadya phula, koma phula langa anadya ndi wina. Mvula isanagwe, ng'ombe za malowolo zinabwera kuchokera cha ku Edingeni, mtsikana uja n'kupita ku banja. Tsiku limene anabwera kudzanditsanzika ndinalira ngati mwana, iye n'kumanditonthoza.

Zaka zingapo pambuyo pake, kalaliki wina wa ku banki ku Mzimba anandiuza tikucheza kuti chipepala chotere chikatayika, munthu amangolumbira kwa majisitireti, kampani n'kutulutsa china. Basi! Panalibe zofukula manda. Koma kalata ija ndinali nditaitentha kalekale, adiresi n'kupsera momwemo.

Mtsikana uja ndinadzakumana naye kamodzi kokha, pa Champhira, ndikudikira basi. Ankagulitsa mbatata, mwana kumsana, wina wamkulupo pambali. Anandizindikira, nagwada pafumbi pomwepo, n'kukoka mwana wamkulu uja.

"Gwada iwe! Awa ndi asambizgi anga. Nditalephera kupita ku sekondale, palibe munthu anandimvera chisoni ngati iwowa."

Anandidzazira mbatata m'thumba, ndalama n'kukana. Ndinati ndimuululire za kalata ija, abale. Basi inaliza hutala, ndipo ine ndinanyamula mbatatazo n'kukwera.