Odi wa Pakhola la Gwape

Lamulo loyamba limene anandipatsa nditayamba kuthandiza pamalo ena osungira nyama zakutchire, kupitirira pang'ono Shimabala, linali lakuti nditseke pakamwa. Ndinaseka, chifukwa aliyense wa kwathu ku Nangongwe amene anagulapo tomato patebulo langa akudziwa kuti pakamwa panga sipapuma. Koma adokotala a nyama, mayi wamfupi wosakonda nthabwala amene ankayang'anira malowo, sanaseke nane. Anandifotokozera kuti nyama za m'makola akutsogolo ndi zoonetsa alendo, koma za kumbuyo ndi zoti zikachira zibwerere kutchire. Nyama yozolowera mawu a munthu, iwo anatero, imadzipereka yokha kwa munthu, ndipo munthuyo nthawi zambiri amakhala ali ndi agalu ndi nkhwangwa. Ndiye kumbuyoko kunalibe kulankhula, kuimba kapena kupatsa nyama dzina. Uvale chijasi chobiriwira, uike chakudya, utuluke.

Ndinayamba kupitako chaka chimene amuna anga anamwalira. Ana anali ku Lusaka, m'nyumba munkangoti zii, ndipo ndinkaona kuti ndikakhala ndipenga. Masiku ena ndinkasiyira mng'ono wanga tebulo n'kukwera minibasi. Malipiro panalibe, kupatula tiyi ndi nshima ya masana, koma ndinkabwerako nditatopa mpaka kugona tulo, ndipo ndicho ndinkafuna.

Kumbuyoko ndinkagwira ntchito ndi bambo ena achikulire a kudera lotchedwa Estates, mkulu wa mpingo ku tchalitchi cha Reformed. Makolo awo anachokera ku Malawi kalekale, ngati anga. Anyamata olembedwa ntchito ankawatchula kuti ba shikulu, kutanthauza agogo, ine ndinkangoti abambo. Ulemu wawo unali wotopetsa, ndikunena zoona. Ankavula chipewa polankhula ndi mnyamata woitanira minibasi. Ankathokoza ngakhale munthu wowapondetsa phazi.

Nyengo yotentha tchire, mlimi wina anabwera ndi mwana wa gwape m'katoni ya sopo. Mayi wake anafera mumsampha wa waya, ndipo kamwanako kanapezeka m'mbali mwa moto, ubweya wakumsana utawauka. Timiyendo take tinali ngati timitengo totokosera m'mano. Adokotala anati kakapulumuka kadzapita kufamu ina ya nyama cha kumtsinje, kumene kuli agwape anzake ndi tchire lokwanira. Kuyambira tsiku limenelo ine ndinali ndi chinthu chimodzi chodzukira m'mawa: kuti kagwape aka kadzabwerere kwawo. Ndinali nditataya zambiri chaka chimenecho, ndipo ndinkafuna ndione chimodzi chokha chikutha bwino.

Botolo la mkaka lam'mawa adokotala anapatsa abambo aja. Kagwape kanayamba kunenepa, bala linauma, tonse tinakondwa. Koma tsiku lina ndikudutsa ndi ndowa ndinawaona ataima pachitseko cha khola, chipewa chili m'manja.

"Odi," anatero motsitsa mawu.

Anadikira pang'ono ngati munthu woyembekeza kuti amuyankhe, kenako analowa.

Ndinawadikira kuseri kwa nyumba yosungira chakudya n'kuwafunsa ngati lamulo lija analimva kapena linawadutsa pamwamba pa chipewa. Iwo anadabwa kwenikweni. Anati sanalankhule nako, sanakaimbire, sanakapatse dzina.

"Amayi, paja m'pakhomo pake," anatero. "Ndingolowa chabe ngati kawalala?"

Ndinawauza kuti gwape alibe khomo, ali ndi tchire, ndipo ulemu wawo akausunge ku tchalitchi. Sindinalekere pomwepo, ndinakanena kwa adokotala, ndipo nawonso anawakalipira. Abambo analonjeza. Anayesetsadi, ndinaona ndi maso anga. Ankafika pachitseko atatseka milomo ngati mwana wokana mankhwala, koma manja okha ankaomba pang'onopang'ono, kapena ankatsokomola kachifuwa kabodza. Akangoiwala, odi uja ankatuluka yekha. Munthu amene mayi ake anamukoka khutu ali wamng'ono chifukwa cholowa m'nyumba ya eni osaodira, sungamusinthe atamera imvi.

Adokotala anawasamutsira ku akamba ndi anungu, botolo n'kupatsa ine. Kagwape kanakana. Kanabisala pakona, kanayamba kutsegula m'mimba, nthiti zinayamba kuonekera. Ndinayesa kuvala chijasi cha abambo kuti mwina fungo lithandiza, koma ayi ndithu. Adokotala anaona kuti katsala pang'ono kufa, anapukusa mutu, n'kuitananso abambo. Anafika, anavula chipewa, anaodira, ndipo kanadzandira kubwera kudzayamwa. Ndinalira tsiku limenelo, koma sindikudziwa ngati ndinalira chifukwa kanapulumuka kapena chifukwa ndinadziwa kale kumene tikupita.

Mvula itagwa, gwape anali atakula, atasiya botolo, akudya masamba ndi zipatso zakutchire. Anamusamutsira mumpanda waukulu wa zitsamba, ndipo kwa nthawi yaitali palibe ankaloledwa kuyandikira, ngakhale abambo. Chiyembekezo changa chinabwerera. Ndinkati waiwala.

Tsiku lomuyesa linafika, galimoto ya kufamu ija itaima kale pageti ndi bokosi lake. Tinabisala kuseri kwa mpanda wa udzu. Adokotala anatuma mmodzi wa antchito, amene gwape sankamudziwa, kuti alowe. Atangomva mapazi, gwape anadumpha n'kuzimirira m'zitsamba. Ndinagwira dzanja la abambo n'kulifinya ndi chimwemwe. Koma adokotala sankaiwala kanthu. Anauza wantchito uja kuti aime pawaya n'kuodira.

Anaodira kamodzi kokha. Zitsamba zinagwedezeka, ndipo gwape anatuluka akuthamanga, kamchira kakugwedera, mpaka kudzanunkhiza mawondo a munthu wachilendo.

Kenako adokotala anauza dalaivala kuti abwerere ndi bokosi lake. Anati m'mbali mwa mtsinje muli midzi, ndipo pakhomo lililonse pamamveka odi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Gwape ameneyu sangathe sabata, adzalowa yekha pabwalo la munthu n'kukathera mumphika.

Ndinatembenukira abambo. Ndinawauza kuti ulemu wawo wamumangitsa mwana wa eni moyo wake wonse. Mawu amenewo sindinawabweze, chifukwa anali oona. Iwo anangoyang'ana chipewa chawo n'kunena kuti, "Mwanena zoona, amayi."

Gwape anapita kumakola akutsogolo, pakati pa anyani ndi dziwe la ng'ona. Nkhani yake inamveka, ndipo ana a sukulu akabwera ankaunjikana pawaya, onse odi, odi, odi, akuseka. Poyamba ankathamangira aliyense. Ine zinkandinyansa, ndinkawathamangitsa anawo mpaka aphunzitsi awo anandidandaula. Patapita nthawi gwape anatopa nazo, anasiya kuyankha. Ankangogona pansi pa chitsamba chake, kumbuyo kuli kwa anthu. Ankadzukira mawu a munthu mmodzi yekha, abambo aja. Abambo sankaphonya tsiku. Popeza lamulo la chete linalibenso ntchito, ankakhala pachitsa m'kholamo n'kumamuuza za mitengo ya ufa, za maondo awo, za misonkhano ya akulu a mpingo. Tsiku lina ndinawamva akumupepesa.

Nyengo yozizira ya chaka chatha abambo anagwa kubafa, mbali imodzi n'kufa ziwalo. Ndinapita kukawaona ku Estates. Ndinaodira pakhomo, ndipo anandiyankha ndi mwana wawo wamkazi. Iwo anali pampando, pakamwa patapotoka, akuyesa kunena kuti lowani koma mawu osatuluka. Munthu amene sanalolepo mlendo kuima panja osayankhidwa! Atandizindikira anatsitsa dzanja lawo labwino mpaka cha m'bondo, kuyeza msinkhu wa gwape, n'kundiyang'ana. Ndinawauza kuti ali bwino, akudya. Sanakhulupirire, ndinaonera m'maso. Tinawaika m'manda mwezi wotsatira.

Gwape sankadyadi bwino. Adokotala anamupima, anamupatsa mankhwala a njoka zam'mimba, anati palibe chimene akupeza. Anyamata ankamuikira masamba a mbatata, iye n'kungolawa pang'ono.

Titachoka kumaliro ndinakhala masiku osapitako. Nditapita, ndinatenga mbale ya masamba n'kukaima pachitseko chake. Ine amene ndinakalipa, ine amene ndinakanena kwa adokotala, ndinapeza kuti sindingathe kungokankha chitseko chimenecho. Ndinakonza duku langa.

"Odi," ndinatero, motsitsa mawu ngati mmene ankachitira iwo.

Makutu anaima. Anadzuka msangamsanga, anabwera mpaka pachitseko, koma sanandinunkhize n'komwe. Anasuzumira kumbuyo kwanga, kuyang'ana kanjira kochokera kugeti, kumene abambo ankatulukira ndi chipewa m'manja. Anayang'ana nthawi yaitali.

Kwathu munthu sasiyidwa akudikira wakufa, amauzidwa. Ndinalowa, ndinakhala pachitsa chija, mbale ndinaika pansi. Ndinamuuza zonse mwadongosolo, monga timauzira wachibale amene sanafike pamaliro: mmene abambo anagwera, mmene anadwalira, nyimbo zimene tinaimba, ndi kuti anafunsa za iye. Ndinamuuzanso kuti tchire lija lilipobe cha kumtsinje, koma iye sadzaliona, ndipo amene ankabwera kudzamupepesa sabweranso.

Gwape anali adakali pachitseko, akuyang'ana kugeti.